Kodi kukana kusaina n'kudzikuza? Ndithandizeni abale

MwanaWaChisomo analemba:

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Pali nkhani imene yandisowetsa tulo kwa milungu itatu tsopano, ndipo ndilibe woti ndimuuze pamaso.

Ndimagwira ntchito yolandira katundu m'nyumba yosungiramo zipangizo zomangira. Lole ikafika ndimaima pambali n'kumawerenga katundu akamatsitsidwa, ndimalemba m'buku, kenako ndimasaina pepala lotsimikiza kuti zolembedwazo ndi zimene zafikadi. Mwezi watha kunabwera simenti. Pepala linkati matumba 200, koma ine ndinapeza 170. Ndinaitana mnyamata mmodzi mwa otsitsa aja kuti tiwerenge limodzi, mzere ndi mzere, ndipo anali 170 omwewo. Nditakawauza abwana, sanadzutse n'komwe mutu. Anangokankhira pepalalo kwa ine ndi chala chimodzi n'kunena kuti, "Sainani mayi, otsalawo abwera mawa." Ndinasaina. Matumba 30 aja mpaka lero sanabwere. Sabata yatha zachitikanso ndi malata, ndipo ndasainanso.

Chondivuta n'chakuti abwanawa si munthu wamba kwa ine. Ndi mkulu wa mpingo kumene ndimapemphera. Amuna anga atamwalira ndinalibe pogwira, ana awiri ali pasukulu, ndipo ndi iwowa amene anandiitana n'kundipatsa ntchitoyi popanda kuipempha. Pa Mgonero amandipatsira chikho ndi dzanja lomwe lija linakankha pepala, ndipo ulendo watha ndinalephera kuwayang'ana.

Ndinakula ndikuphunzitsidwa kuti Mkhristu amadzichepetsa, sabwezera mawu, ndipo amamvera omuyang'anira. Aefeso 6:5 ndimaidziwa, Ahebri 13:17 ndimaidziwanso. Ndikaganiza zokana, mumtima mumabwera mawu akuti, "Ndiwe yani iwe kuti uwongole mkulu wa mpingo? Waiwala amene anakutola?" Ndikaganiza zopitiriza, pemphero limakanika. Ndimagwada usiku koma mawu amangothera pakhosi.

Ndiye ndifunse: kukhala chete kwangaku n'kudzichepetsa kapena ndi mantha basi? Ndingazisiyanitse bwanji ziwirizi, popeza kunja zimaoneka zofanana? Ndipo ngati ndiyenera kukana, munthu amene mawondo amagundana akangomva nsapato za abwana pakhonde, kulimba mtima angakutenge kuti?

MlalikiWopuma anayankha:

Mayi, pepani ndi mtolo umene mwasenza. Ndawerenga kawiri, ndipo chimene chandigwira mtima n'chakuti pemphero likukanika. Musachione mopepuka. Chikumbumtima chanu chili moyo, ndipo yankho lina mwalipeza kale mawondo anu ali pansi.

Tiyambe ndi Mose. Numeri 12:3 imati anali wofatsa kuposa anthu onse a pa dziko lapansi. Munthu yemweyo, ali ndi zaka 80, anaima pamaso pa Farao kambirimbiri n'kumamuuza zimene Farao sankafuna kumva. Kukanakhala kuti kufatsa ndiko kuvomera chilichonse chimene wamkulu wanena, Aisraeli akanafera pa njerwa. Ndipo musaganize kuti Mose anabadwa wolimba mtima. Pa Eksodo 4 akudandaula kuti ndi wolemera pakamwa, mpaka kupempha Mulungu kuti atume wina. Anapita chifukwa anamvera amene anamutuma.

Vesi imene anthu amaithamangira akamakamba za kudzichepetsa ndi Afilipi 2:8, pamene akuti Yesu anadzichepetsa nakhala womvera kufikira imfa ya pamtanda. Dzifunseni kuti ankamvera yani. Akanakhala womvera Kayafa kapena Afarisi, sakanamupachika, chifukwa palibe amene amapha munthu womvera iye. Ankamvera Atate, ndipo kumvera kumeneko n'kumene kunamugundanitsa ndi akuluakulu a chipembedzo. Kawerengeni Yohane 18:22-23. Akumufunsa mlandu kwa Anasi, msilikali wina anamumenya mbama chifukwa cha mmene anayankhira mkulu wa ansembe. Yesu sanabwezere, sanatukwane, koma sanakhalenso chete. Anamuuza kuti ngati walankhula choipa achitire umboni choipacho, koma ngati walankhula bwino, akumumenyeranji? Ine ndalalikira zaka zambiri, koma ndime imeneyi ndinachedwa kuiona bwino. Mwanawankhosa wa Mulungu, tsaya likutentha, akufunsa funso loona modekha.

Aefeso 6:5 mwaitchula bwino, koma musaimire pomwepo. Vesi 6 ikupitiriza kuti tizigwira ntchito monga akapolo a Khristu, ochita chifuniro cha Mulungu kuchokera mumtima. Abwana anu akakuuzani kuti mufike m'mamawa, mukonze mashelefu, muwerengenso katundu ngakhale mwatopa, mverani ndi mtima wonse. Akakuuzani kuti mulembe 200 pamene maso anu aona 170, apempha chinthu chimene si chawo. Lamulo lakuti usachite umboni wonama analipereka ndi Mulungu, ndipo mkulu wa mpingo alibe mphamvu yolichotsa. Siginecha yanu ndi umboni. Apa m'pamene mawu a Petro pa Machitidwe 5:29 amagwira ntchito, akuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu.

Za kusiyanitsa kuja, ine ndimadziyesa chonchi. Ndikakhala chete, ndimadzifunsa kuti ndikuteteza yani. Ngati ndaleka kuyankha munthu amene wandinyoza chifukwa ndasiya ulemu wanga m'manja mwa Mulungu, mtima umakhala m'malo ndipo ndimagona tulo. Ngati ndakhala chete kuti nditeteze malipiro anga, mbiri yanga, kapena kuti wakuti asandikwiyire, tulo timathawa. Miyambo 29:25 imati kuopa munthu kumatchera msampha. Msampha umakola mwendo, ndipo nyama yokodwa nayonso imakhala phee, koma palibe amene angaitche yofatsa.

Sindikukuweruzani, mayi. Muli ndi ana awiri ndipo munthuyu anakuchitirani chifundo chenicheni. Kumuthokoza n'koyenera ndipo musaleke. Koma ngongole ya chifundo sibwezedwa ndi bodza.

MayiWaAtatu anayankha:

Achemwali, zimene anena abambo pamwambapa ndikugwirizana nazo, koma ndikufuna ndikugwireni dzanja pang'ono musanathamange. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munthuyu wakhala pa ntchito yanu, pa mpingo wanu ndi pa sukulu ya ana anu, choncho kaponyedwe ka mwala n'kofunika kukaganizira.

Choyamba, simukudziwa kumene matumba 30 aja anapita. Mwina anagulitsidwa panjira, mwina abwanawo akubisa cholakwa cha munthu wina, mwinanso nawo akupanikizidwa ndi owaposa. Chimene mukudziwa n'chimodzi chokha, chakuti munawerenga 170. Imani pamenepo. Simuyenera kuwatchula kuti ndi akuba. Lole ikabwera, lembani nambala imene mwapeza pa pepala lomwelo, musaine pansi pa nambala yoonayo. Mukatero simunakane ntchito, mwaigwira mmene iyenera kugwiridwira.

Danieli chaputala 1 chimandithandiza pa nkhani ngati izi. Mnyamata uja anatsimikiza mumtima kuti sadzidetsa ndi zakudya za mfumu, koma sanagubuduze tebulo. Anapempha mwaulemu kwa mkulu wowayang'anira, ndipo atamva kuti munthuyo akuopa kudulidwa mutu, anabwera ndi njira yoti awayese masiku 10. Mumtima anali atatseka nkhani, koma pakamwa panali ulemu. Inunso mungapite kwa abwanawo muli awiri, monga Mateyu 18:15 inenera, chitseko chili chotseka, n'kuwauza kuti simungathenso kusaina zimene simunaone. Musayambire kwa amayi a kwaya kapena kwa anzanu a kuntchito. Pali kudzikuza kwina kumene kumabwera munthu akazindikira kuti akulondola, kofuna kuti aliyense adziwe kuti iye ndi woyera. Ndinakuonapo mwa ine ndemwe, ndipo kunandiwonongera ubale umene mpaka lero ndimaulira. N'chifukwa chake Agalatiya 6:1 imati wogwa timubweze ndi mzimu wofatsa, tikudziyang'anira tokha.

Chachiwiri n'chowawa, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Mwasaina kale kawiri. Eni katunduyo akadzabwera kudzawerengera, dzina limene lili pa mapepalawo ndi lanu. Kudzichepetsa kwanu kuyambire pamenepo. Mukapita kwa abwanawo muyambe ndi tchimo lanu, muwauze kuti munalakwa kusaina ndipo mwalapa kwa Mulungu. Munthu amavutika kukalipira amene wabwera akudziloza yekha. Komanso lero lomwe lembani m'kabuku kanu masiku awiriwo, katundu wake, nambala imene inali pa pepala ndi imene munapeza, mukasunge kunyumba.

DalaivalaWaYesu anayankha:

Mayi, ine ndine wamng'ono kwa onse amene alankhula, koma njira imeneyi ndinadutsamo ndi mapazi anga, ndiye ndiloleni ndinene chimene ena sananene. Mutha kuchita zonse mwaulemu, chitseko chotseka, mawu ofatsa, n'kuchotsedwabe ntchito.

Ine ndinkayendetsa lole. Amene ankatiyang'anira ankafuna kuti ndizilemba mafuta ochuluka kuposa amene ndathira, otsalawo tizigawana. Ndinachita miyezi inayi ndikudziuza kuti ndikungomvera. Tsiku limene ndinakana ndinalankhula motsitsa mawu, chipewa chili m'manja. Patatha milungu iwiri anandipezera chifukwa china n'kundilanda makiyi. Ndimakumbukira kulira kwa makiyiwo akugwera m'dirowa, ndi mmene ndinaimira panja pa geti osadziwa kuti ndikamuuza chiyani mkazi wanga, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinakhala miyezi 7 osagwira ntchito. Ntchito imene ndili nayo pano malipiro ake ndi ochepa kuposa akale. Ndikunena izi chifukwa maumboni ambiri amathera pakuti munthu anakana tchimo kenako anakwezedwa, ndipo amene zake sizinatero amayamba kuganiza kuti Mulungu anamutaya.

Chimene chinandigwira m'miyezi imeneyo ndi Danieli 3:17-18. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo akhoza kuwapulumutsa m'ng'anjo, kenako anawonjezera kuti ngakhale asawapulumutse, fano lija saligwadira. Pamene ankanena mawuwo sankadziwa kuti atuluka amoyo. Ifeyo timawerenga tikudziwa mathero, iwo ankangomva kutentha kwa moto pankhope. Ndipo alipo ena amene sanatuluke. Ku Buganda, ufumu wa m'dziko la Uganda, Joseph Mukasa Balikuddembe anali mkulu wa anyamata otumikira m'nyumba ya Kabaka Mwanga, munthu wokhulupirika amene ankatumikira mfumu tsiku ndi tsiku. Bishopu wa Anglican James Hannington ataphedwa mu Okutobala 1885 mwa lamulo la mfumuyo, Mukasa, amene anali Mkatolika, anaidzudzula pamaso. Pa 15 Novembala 1885 anamudula mutu n'kutentha thupi lake. Anali wantchito womvera pa zonse, kupatula pamene kumvera kukanatanthauza kuvomereza choipa.

Mwafunsa kuti munthu wa mawondo ogundana kulimba mtima angakutenge kuti. Musadikire kuti mantha athe, chifukwa kwa ine sanathe. Taonani Gideoni pa Oweruza 6:27. Mulungu anamuuza kuti agwetse guwa la Baala, ndipo guwalo linali la bambo ake omubereka. Baibulo silibisa kuti ankaopa a m'banja mwake ndi anthu a mumzinda, moti anatenga antchito ake 10 n'kukagwetsa usiku. Anagwetsa akunjenjemera, koma kutacha guwa linali pansi, ndipo dzina lake lili pa Ahebri 11:32 pakati pa anthu a chikhulupiriro.

Pempherani ngati mpingo wa pa Machitidwe 4:29. Atawaopseza, sanapemphe kuti owaopsezawo achotsedwe. Anapempha Ambuye kuti aone kuopsezako ndi kupatsa akapolo ake kulankhula molimba mtima. Ndipo amene ankatsogolera pamenepo ndi Petro, yemwe uja anakana Yesu pamaso pa mtsikana wantchito akuwotha moto. Pa zimene anena amayi pamwambapa ndingowonjezera kuti ulemu usasanduke pobisalira. Ine ndinakhala miyezi inayi ndikufunafuna mawu abwino oyambira, mafuta akubedwabe.

MlongoWanu anayankha:

Ndilibe nzeru zoposa zimene zanenedwa, koma mutu umodzi susenza denga. Pezani munthu mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro, wosunga chinsinsi, amene sagwira ntchito kumeneko ndipo si mnzawo wa abwanawo, kuti azipemphera nanu. Estere asanalowe kwa mfumu anapempha anthu ake kuti asale kudya naye masiku atatu. Tiuzeni tsiku limene lole ikubweranso. Ine ndidzadzuka m'bandakucha kukupemphererani.

MwanaWaChisomo analembanso:

Abale, zikomo nonse. Ndachedwa kubwera chifukwa ndimafuna ndibwere ndi chimene chachitika.

Funso la abambo MlalikiWopuma lakuti ndikuteteza yani linandilasa. Ndinakhala pa bedi usiku umenewo n'kuyankha moona mtima kuti ndikuteteza fizi ya ana ndi moni wa Lamulungu. Ulemu wa Mulungu sunali m'gulumo. Ndinalira kwambiri, koma kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu pemphero linatuluka. Ndinangoti, Ambuye ndinanama kawiri, ndipo ndikuopa. Kabuku kaja ndinalemba usiku womwewo. Ndinakauzanso mayi wina wachikulire amene anandiphunzitsa Sande Sukulu kalekale. Sanandifunse dzina la munthu, anangondigwira manja onse awiri n'kupemphera.

Lachinayi kunabwera penti. Pepala linkati zitini 60, ine ndinapeza 52. Nditagwira cholembera dzanja linkanjenjemera moti 5 anatuluka ngati walembedwa ndi mwana. Ndinalemba kuti ndalandira zitini 52, ndinasaina pansi pake, n'kunyamuka ulendo wa ku ofesi. Pakhonde paja ndinakumbukira Nehemiya, amene anaopa kwambiri pamaso pa mfumu, ndipo itamufunsa chimene akufuna anapemphera kwa Mulungu wakumwamba ali chiimire asanayankhe. Langa linali la mawu awiri: ndigwireni Ambuye.

Ndinatseka chitseko n'kuika pepalalo pa tebulo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba monga munandilangizira achemwali MayiWaAtatu. Ndinati, "Bambo, ndabwera kudzapepesa. Ndinasaina za simenti ndi za malata ndikudziwa kuti sizinakwane. Ndinalakwira Mulungu, ndipo sindingathenso kutero." Anavula magalasi n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, mwaiwala mmene munalili pamene ndinkakuitanani?" Pamenepo mtima unangoti phwii, ndipo ndinatsala pang'ono kulanda pepalalo kuti ndikonze nambala. Ndinawayankha kuti sindinaiwale ndipo sindidzaiwala, kuti ana anga amawatchula m'pemphero, koma zitini ndi 52. Mawu ena onse amene ndinakonza usiku anandithawa. Ndinangobwereza kuti zitini ndi 52.

Sanakalipe. Anaika pepalalo m'dirowa n'kundiuza kuti ndibwerere ku ntchito. Kuyambira tsiku limenelo sanandipatsenso moni, ndipo dzulo ndamva kuti katundu wa sabata yamawa akufuna alandire munthu wina. Achimwene DalaivalaWaYesu, mawu anu aja akuti ngakhale asatipulumutse ndawalemba pa kapepala n'kukaika m'thumba la yunifolomu. Mantha sanathe, monga munanenera. Usiku ndimawerengera miyezi imene tingathe kupirira ntchito itatha, ndipo siipitirira iwiri. Koma ndikugona.

Chinthu chimene sindinkayembekezera n'chakuti ndayamba kuwamvera chisoni. Atavula magalasi aja ndinaona munthu wotopa, wa maso ofiira, amenenso sakugona. Ndikuwapempherera m'mawa uliwonse, ndipo sindikuchita mokakamizika.

Nkhani ya mapepala awiri akale aja idakalipo. Ndawauza kuti ndiwapatsa mpaka kumapeto kwa mwezi kuti akonze okha ndi eni katundu, apo ayi ndidzapita ndekha kukanena za siginecha zanga, popanda kuonjezera zimene sindinaone. Amene munadutsamo, ndiuzeni ngati kuli bwino kulemba kalata kapena kukaonekera pamaso. Lamulungu likubwerali kuli Mgonero, ndipo mzere umene ndimakhala ndi umene iwo amagawa. Mlongo wanga amene munalonjeza kudzuka m'bandakucha, tsiku lake ndi limenelo.